Bowo lotsala pa rediyeta yatsopano

Nkhaniyi imakonda kubuka nthawi ya nkhomaliro. Pamalo oimikapo magalimoto ku City Centre, ku Area 13, chakuseri kwa nyumba ngati Kang'ombe House ndi Gemini House, mupeza galimoto boneti ili yasa, makaniko woyendayenda atagwada pa katoni, mwini galimoto ataima chapatali kuopa kudetsa malaya a ku ofesi. Kuno ndi kwa maofesi ndi mabanki, masipeya ambiri ali ku Old Town cha ku Malangalanga kapena ku Biwi. Ndiye mwini galimoto amatumiza ndalama pa foni, makaniko nakwera kabaza, nabwerako atakumbatira katoni ya rediyeta yatsopano. Akaiyika pambali pa yakale zonse zimagwirizana: kutalika, miyendo yokhalira, makamwa a mapaipi akuluakulu awiri aja. Kungoti yatsopanoyo ili ndi bowo limodzi kapena awiri omwe yakale inalibe.

"Bwana, ili tingotseka, silivuta," amatero makaniko, ndipo kawirikawiri amakhala akunena zoona. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ka "ngo" kali pakati pa mawuwo. Mabowo a pa rediyeta amafanana nkhope koma ntchito zake n'zosiyana. Lina mukhoza kulisiya pululu osachitika kanthu, lina limafuna kutsekedwa molimba ngati thanki yeniyeniyo, pamene lina mukalitseka mwaphulitsa rediyeta ndi manja anu omwe. Liliponso lina lomwe limakhala likukuuzani kuti mwagula katundu wa galimoto ina, bwererani kusitolo lisiti isanafufutike.

Magalimoto ambiri oyenda mu Lilongwe ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ofikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ena odzera ku Durban. Potuluka m'fakitale, galimoto imakhala ndi rediyeta yopangidwira iyo yeniyeniyo ndi makampani ngati Denso, T.RAD kapena Calsonic, ndipo bowo lililonse limakhala ndi mwini wake. Koma dzina limodzi, tinene Corolla kapena Hilux, limafungatira mitundu yambirimbiri: ya manyuwo ndi ya otomatiki, ya petulo ndi ya dizilo, yogulitsidwa ku Japan, ya ku Ulaya, yolumikizidwa ku Durban. Wopanga masipeya otsika mtengo sangasule chikombole cha mtundu uliwonse. Amaumba rediyeta imodzi yokhala ndi mabowo a mitundu yonseyo, kuti wogulitsa asunge katoni imodzi m'malo mwa zinayi. Opanga ena amaika tizitsekero m'kajumbo komatidwa m'kati mwa katoni, koma kajumbo kameneka nthawi zambiri sikafika m'manja mwa wogula. Muzikafunsa musanachoke pakauntala.

Wina anganene kuti bwanji osangogula ya orijino. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira katundu zakhala zikusowa. Munthu wa malipiro a pamwezi amasankha pakati pa rediyeta yatsopano yosakhala ya orijino ndi ya orijino ya kaunjika yochotsedwa pa galimoto yogwa, yomwe pulasitiki yake yaphikika kale zaka khumi ndi zisanu. Pa ziwirizi ine ndimatenga yatsopanoyo, bowo lake lotsala ndi lomwelo.

Kuti timve chifukwa chake kutseka si nkhani ya masewera, tione kaye chivindikiro cha rediyeta. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, pena 88 kPa kapena 108 kPa. Imeneyo ndi pulesha imene madzi amaloledwa kufika chivindikirocho chisanatsegule. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo kuno madzi a m'poto amawira cha pa madigiri 96 kapena 97, safika 100. Injini ikatentha bwinobwino imayendera pafupi pomwepo: themositati ya magalimoto ambiri a ku Japan imatsegula pa madigiri 82 kapena 88, ndipo mukaima pamzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town mwezi wa Okutobala, madzi amakwera kupitirira apo fani isanawatsitse. Chimene chimawaletsa kuwira ndi pulesha ija. Pansi pa chivindikiro cha 1.1, madzi amapirira mpaka cha m'ma 120. Tsono chitsekero chimene chikupumira, ngakhale chisakudontha zooneka ndi maso, chimalanda injini malire onsewo n'kuisiya ikuphika ngati poto wopanda chivindikiro.

Mphamvu yokankha chitsekerocho payokha si yoopsa. Pa bowo la mamilimita 16 imakwana makilogalamu awiri ndi pang'ono, mapaketi awiri a shuga. Vuto n'lakuti mapaketi awiriwo amakankha tsiku ndi tsiku, pa kutentha kwa madzi owira, galimoto ikudumpha m'maenje, kenako usiku zonse zimazizira n'kunyala, m'mawa n'kuyambiranso. Ndipo galimoto yaying'ono imasunga malita anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Chitsekero chikathawa muli pa liwiro, mphindi zochepa madzi onse ali pa tala.

Mabowo oyamba, amene amaopsa anthu ambiri, ndi omwe ali osavuta kuposa onse. Ndi timapaipi tiwiri tachitsulo totuluka pa thanki yapansi, kapena yam'mbali ngati rediyeta yanu ili ya mathanki am'mbali. Timeneti ndi ta oyilo wa giyabokosi ya otomatiki. M'kati mwa thankimo muli kachipangizo kotsekeka komwe oyilo amadutsamo, madzi n'kumakazinga kunja, awiriwa osakhudzana. Ngati galimoto yanu ndi ya manyuwo, timapaipiti tilibe ntchito, ndipo madzi sangatulukire pamenepo chifukwa ndi njira ina. Mukhoza kuvekapo tizipewa ta labala kuti fumbi lisalowe, kapena kutilumikiza tokhatokha ndi kachidutswa ka paipi, kapena kungotisiya. Zonsezi n'chimodzimodzi. Choti musachite ndi kumasula manati omwe agwira timapaipiti pa thanki pofuna kuti pakhale poyera, chifukwa pa marediyeta ambiri manati omwewo ndiwo afinya labala yoletsa madzi. Ndipo mukadzaona madzi akutuluka m'kamwa mwa kapaipi kotere, musatseke n'kumati mwathana nazo. Kachipangizo ka m'kati kang'ambika, rediyetayo ndi yobweza.

Ngozi yeniyeni ili pamene zinthu zatembenuka, galimoto ndi ya otomatiki koma rediyeta yomwe yapezeka ndi ya manyuwo. Pamenepa zotsala si mabowo a pa rediyeta koma mapaipi awiri a giyabokosi olendewera opanda kolowa. Makaniko wofulumira amawalumikiza okhaokha, galimoto n'kuyenda bwinobwino kuchoka ku Area 13 kukafika ku Area 47, mwini wake n'kuthokoza. Oyilo uja tsopano alibe kozizirira. Adzapsa pang'onopang'ono, magiya n'kuyamba kuterereka miyezi itapita, pamene palibe akukumbukanso za rediyeta. Ngati rediyeta yoyenera yasowadi, njira ndi kumanga karediyeta kapadera ka oyilo kutsogolo, mapaipiwo n'kulowa mmenemo. Kuwatseka ndi mabawuti ndiye kupha giyabokosi msangamsanga, chifukwa oyilo ameneyo amayenera kuzungulira.

Pali kamsampha kena pa magalimoto ang'onoang'ono omwe adzaza m'tauni muno. Ambiri mwa ma Vitz, Note, Fit ndi Sienta ali ndi giyabokosi ya CVT, ndipo pa yambiri mwa iyo choziziritsa oyilo chimakhala pa giyabokosi pomwepo, madzi ndiwo amapita kumeneko. Choncho galimoto ikhoza kukhala ya otomatiki koma yopanda paipi ya oyilo yopita ku rediyeta. Mboni yabwino apa ndi rediyeta yakale. Musalole kuti anyamata otola zitsulo ainyamule ntchito isanathe.

Bowo lachiwiri ndi la mazinga, lomwe limalowa m'madzi enieniwo. Limakhala la swichi yoyatsa fani, la sensa ya kutentha, kapena la sensa yoyeza kuchuluka kwa madzi. Magalimoto akale ambiri ankayatsa fani kudzera pa swichi yomangidwa pa rediyeta. Chitsanzo chodziwika ndi Citi Golf, yomwe inapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1984 mpaka 2009, ya bowo lalikulu la M22 x 1.5. Atsopano amawerenga kutentha pa injini, kompyuta n'kumalamula fani. Ngati galimoto yanu ili ya mtundu wachiwiriwu, bowolo ndi lotsaladi. Koma musanatseke, funani m'mbali mwa rediyeta ngati pali waya wa soketi wolendewera. Ukapezeka, ndiye kuti swichi inatsalira pa rediyeta yakale ndipo ikufunika kusamutsidwa. Kutseka bowo limenelo ndi kuzimitsa fani mpaka kalekale, ndipo mudzazindikira muli pamzere wa mafuta pa filing'i siteshoni, pomwe kulibe mphepo yolowa kutsogolo.

Likakhala lotsaladi, nkhani yonse imagona pa mazinga, ndipo apa ndi pomwe marediyeta ambiri atsopano amafera tsiku lomwe agulidwa. Mazinga alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ena ndi owongoka, ofanana kukula kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, monga M12, M14, M16 ndi M22. Amenewa saletsa madzi paokha. Choletsa madzi ndi washala wa kopa kapena wa aluminiyamu, kapena kamkombero ka labala, kofinyidwa pansi pa mutu wa chitsekero. Ena ndi osongoka, amanka nakula mukamalowetsa, ndipo amatseka pothinana. Pa osongoka mpamene pamafunika tepi yoyera ija ya mapulambala kapena mankhwala opaka pa mazinga. Kukulunga tepi pa mazinga owongoka opanda washala ndi kudzinamiza: lero pauma, sabata yamawa payamba thukuta.

Osongokawo nawonso ali pawiri, ndipo amafanana ngati mapasa. A ku America, otchedwa NPT, pa saizi ya 1/8 amakhala ndi mizere 27 pa inchi imodzi, pamene a ku Britain, otchedwa BSPT, omwenso a ku Japan amatsatira, ali ndi 28. Pa saizi ya 1/4 ndi 18 kwa 19. Kusiyana mzere umodzi pa inchi yathunthu diso silingaone. Chitsekero cholakwika chimalowa bwinobwino kawiri kapena katatu, kenako chimalimba, ndipo dzanja logwira sipanala limaganiza kuti kulimbako ndiye kutseka. Zitsekero za m'mahadiweya athu, zogulitsidwira mapaipi a madzi a m'nyumba, zimatsata muyeso wa ku Britain. Marediyeta a aluminiyamu yokhayokha, omwe anthu amaitanitsa pomanga injini ina mu Land Cruiser kapena mu galimoto yakale, ambiri amapangidwira msika wa ku America ndipo amabwera ndi NPT. Ngakhale pa mazinga a mamilimita msampha ulipo. Pulagi ya moto yakale, yomwe amakaniko amakonda kutsekera nayo mabowo, ndi ya 14 x 1.25, pomwe bowo la sensa limakonda kukhala 14 x 1.5. Kukula n'kumodzi, mayendedwe a mazinga ndi osiyana.

Pa chitsulo cholakwa chotere chimangowononga mazinga. Pa pulasitiki chimang'amba thanki. Mathanki akuda aja ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza palembedwa PA66-GF30. Ndi yolimba pa kutentha koma siifuna kukanulidwa. Chitsekero chosongoka chikakakamizidwa m'bowo lowongoka chimagwira ntchito ya nkhwangwa yowazira nkhuni, ndipo mng'alu wake umakhala wopyapyala ngati tsitsi, wotseguka pokhapokha injini ikatentha. Lamulo la amisiri odziwa ntchito ndi loti chitsekero chilowe ndi zala mpaka kumapeto, sipanala ibwere pomaliza kudzangofinya washala pang'ono. Chikakana zala pa chiyambi, si chake. Kutalika nakonso n'kofunika, popeza bawuti yaitali ikhoza kukagunda kachipangizo ka oyilo kapena timachubu ta m'kati.

Chitsekero chabwino kuposa zonse nthawi zambiri chimakhala m'bokosi la zinthu zakufa la makaniko: swichi kapena sensa yakale ya bowo lomwelo. Kaya inasiya kugwira ntchito zilibe kanthu, bola thupi lake lisang'ambike. Mazinga ndi ake enieni, kutalika ndi kwake, mungogula washala watsopano. Pa bowo la M14 x 1.5, bawuti yokhetsera oyilo wa injini ya magalimoto ambiri a Honda, Mazda ndi Volkswagen imakwana, ndipo ili kale ndi mutu wopangidwira washala. Ya Toyota ndi Nissan kawirikawiri ndi M12 x 1.25, choncho si iliyonse.

Mtundu wa chitsulo ndi nkhani imene imaoneka mochedwa. Chitsekero chachitsulo wamba cha ku hadiweya chimachita dzimbiri n'kudetsa madzi. Cha bulasi chimakhala bwino pa pulasitiki ndi pa marediyeta akale a kopa. Pa thanki ya aluminiyamu, zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, aluminiyamu ndi amene amadyeka, choncho chitsekero cha aluminiyamu ndicho choyenera. Kulanti wabwino ali ndi mankhwala ochepetsa kudyekaku, koma tinene zoona, magalimoto ambiri kuno amayendera madzi a pampopi kapena a pamjigo, kulanti amangothiramo kuti madzi aoneke obiriwira. Amene akuyendera madzi okhaokha asamale kwambiri posankha chitsulo.

Bowo lachitatu lilibe mazinga. Ndi kamlomo kosalala kotuluka pa thanki, ka mamilimita 8, 10, pena 16, kopangidwira paipi ya hita kapena yobwezera madzi yomwe galimoto yanu ilibe. Pano mpamene luso la Amalawi limaonekera lonse. Ndaonapo kamtengo kosemedwa kokhomeredwa mmenemo, malegeni okulungidwa mpaka kupanga chibakera, sopo, guluu wosakaniza ndi soda, ndi Pratley wowumbidwa ngati nsima ya mwana. Sindinyoza zimenezi. Usiku pakati pa Nathenje ndi Dedza, kamtengo ndi malegeni zikhoza kukufikitsani kunyumba, ndipo amene wakusemerani kamtengoko mumuthokoze ndi manja awiri. Cholakwika ndi kuchita za pangozi pa rediyeta yatsopano masana dzuwa likuswa mtengo, sitolo zili zotsegula, kenako n'kuiwala. Mtengo umafufuma n'kung'amba kamlomo kapena kuwola. Malegeni ndi labala ya chubu cha tayala, imafewa ikaphikidwa. Pratley ndi katundu wabwino pa ntchito zake, koma nayiloni ndi yoterera, zomatira siziigwira bwino, ndipo ikamafutukuka ndi kunyala chomatacho chimatsala chokha.

Ine ndinaphunzira izi ndi kachipewa kofiira. Rediyeta yanga itasinthidwa, makaniko anatseka kamlomo kotsala ndi kachipewa kofewa konyezimira, ka mtundu umene amavekera timapaipi ta mpweya pa injini, n'kumanga ndi kawaya. Ndinafunsa ngati kadzapirire. "Madala, aka ndi ka fakitale," anandiyankha, ndipo kankaonekadi kaudongo kuposa chilichonse pansi pa boneti. M'tauni kanakhala miyezi ingapo osadontha. Kanadzaphulika tikuchokera ku Salima, pa zitunda zokwera kubwerera ku Lilongwe, galimoto itadzaza ana ndi nsomba. Chinandipulumutsa ndi mphuno: fungo lotsekemera la kulanti linalowa m'galimoto geji ya kutentha isanasunthe kwenikweni, ndipo ndinaima pomwepo. Geji siyodalirika pa nthawi yotere, chifukwa madzi akatha sensa imatsala pouma ndipo imatha kuonetsa zabodza injini ikupsa. Titatsegula boneti, kachipewa kaja kanali katang'ambika pansonga, kolimba ngati chikhadabo. Kanali ka pulasitiki yofewa yotchedwa vinyl, yomwe siinapangidwire madzi otentha.

Amene anatikonzera anali bambo wina wokonza njinga zamoto pamalo ogulitsira zinthu apafupi. Anadula kachidutswa ka paipi ya hita kotalika ngati chala, n'kukalowetsa pa kamlomo, mbali inayo n'kutsekamo bawuti, n'kumanga makilampu awiri. Zinaoneka zachimidzi, koma mwa njira zonse zotsika mtengo imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira. Paipi ya hita ndi labala ya EPDM yokhala ndi ulusi m'kati, yopangidwira kutentha ndi pulesha yomweyo. Chofunika n'chakuti kilampu igwire pa thunthu losalala la bawuti, osati pa mazinga, chifukwa madzi amatsata mazinga ngati kanjira n'kutulukira kumapeto. Ndiye musankhe bawuti yokhala ndi khosi losalala, mudule mbali ya mazinga. Paipi ikhale yaifupi kuti kulemera kwa bawuti kusagwedeze kamlomo ka pulasitiki mpaka kuthyoka. Tizipewa tenitweni ta EPDM kapena ta silikoni ya ulusi tiliponso, ndipo n'tabwino tikamangidwa ndi kilampu, koma tizipewa topanda ulusi timakalamba msanga kuposa paipi, choncho muzitifinya ndi zala nthawi iliyonse mukamasintha oyilo. Makilampu a sipuling'i, omwe amabwera ndi galimoto, amatsatira labala ikamanyala. A sikuluu amafuna kubwerezedwa patapita masiku, ndipo pa pulasitiki samangidwa ndi mkwiyo.

Rediyeta ikakhala ya aluminiyamu yokhayokha, wowotcherera wa makina a argon akhoza kutseka bowolo mpaka muyaya, ndipo ya kopa imatsekedwa ndi mtovu kwa amisiri okonza marediyeta. Ndi ntchito yolimba, koma ganizani kawiri, chifukwa bowo la mazinga limene mwapha lero ndi lomwe mudzafune mawa pomanga geji yowonjezera kapena swichi ya fani. Ndipo rediyeta yowotcheredwa wogulitsa sangailandirenso.

Tsopano kamlomo kamene sikatsekedwa zivute zitani. Kali pakhosi pa rediyeta, pansi penipeni pa chivindikiro, ndipo paipi yake imapita ku kabotolo ka pulasitiki kam'mbali. Chivindikiro chili ndi timavavu tiwiri. Madzi akatentha amafutukuka, pulesha ikafika pa nambala ija sipuling'i imagonja, owonjezerawo n'kudutsa pa kamlomoka kupita m'botolo. Injini ikazizira, kavavu kachiwiri kamatseguka, madzi n'kuyamwidwa kubwerera. Mwini galimoto akaona madzi akutuluka pamenepa amati ndi kudontha, ndipo ngati kabotolo kanasweka kalekale, maganizo oti "tingotseka" amabwera msanga. Mukatseka, pulesha ilibe kothawira. Imafuna pofooka, ndipo pofookapo pamakhala pa msoko pamene thanki ya pulasitiki yapanidwira ku aluminiyamu, kapena paipi yokalamba, kapena karediyeta ka hita kobisika kuseri kwa dashibodi, komwe kukafikako kumafuna kuphwasula theka la galimoto. Ngati madzi akutuluka pamenepa mosalekeza, olakwa ndi chivindikiro chotopa, fani yosazungulira, kapena gasiketi yomwe yayamba kulowetsa mpweya wa injini m'madzi. Kamlomoko kakungonena zimene kaona.

Magalimoto ambiri a ku Ulaya, ngati Volkswagen, BMW ndi Mercedes-Benz, omwe simungawasowe m'mabwalo a maofesi a ku City Centre ndi m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43, amayenda mwa njira ina. Rediyeta yawo ilibe chivindikiro. Pulesha imasungidwa m'botolo lolimba lomwe lili ndi chivindikiro chakechake, ndipo kuchokera pamwamba pa rediyeta kapena pa injini pamachoka kapaipi kopyapyala kopita m'botolomo. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya wotsekeredwa. Kamlomo ka kapaipi aka kamathyoka msanga, ndipo kuchepa kwake kumanyenga anthu kuti n'kosafunika. Kakatsekedwa mpweya umaunjikana pamwamba, hita imasiya kutentha, geji imakwera ndi kutsika popanda chifukwa chooneka. Rediyeta yatsopano ikabwera ndi timilomo totere tiwiri, kumanja ndi kumanzere, kamodzi kamakhala ka galimoto yoyendetsera mbali ina. Kapaipi kalowe pomwe kakufika mosakokedwa, kenako kotsalako katsekedwe molimba, chifukwa kali pa pulesha yonse. Musanavutike, lowetsanimo kawaya mofatsa kapena uziranimo: timilomo tina timaumbidwa togontha m'kati, tongooneka ngati mabowo.

Pali malire pomwe kutseka kumasanduka kukakamiza. Bowo limodzi la sensa ndi timapaipi ta oyilo n'zachizolowezi. Koma ngati rediyeta yabwera ndi khosi la chivindikiro pamene galimoto yanu imasunga pulesha m'botolo, kapena kamwa la paipi yaikulu lili mbali ina moti pakufunika kulumikiza mapaipi awiri, kapena chimango cha fani sichikukhala mpaka kumangidwa ndi mawaya, imeneyo si yanu. Makulidwe a pakati paja, pomwe pali timachubu, muwayerekezenso ndi yakale, chifukwa rediyeta ya injini yaying'ono imatha kukwana malo a yaikulu koma osakwanitsa ntchito yake. Potuma munthu ku Biwi, mupatseni nambala ya chasisi, monga NZE121 kapena KSP90, pamodzi ndi rediyeta yakaleyo m'manja. Dzina lokha loti "ya Corolla" ndi limene limabweretsa katoni yolakwika.

Ntchito ikatha pamafunika kuyesa, ndipo apa amakaniko a pamalo oimika magalimoto amakhala akuthamangira kasitomala wina. Galaja yokhala ndi zida imamanga kapampu pakhosi pa rediyeta, n'kupopa mpaka nambala ya pa chivindikiro, n'kudikira kuona ngati muvi ukutsika. Popanda kapampuko, dzazani madzi injini ili yozizira, tsegulani hita, lizani injini mpaka fani izungulire n'kuima kawiri, kenako gusani pa chitsekero ndi kapepala kouma. Chivindikiro chisatsegulidwe injini ili yotentha, madzi a madigiri oposa 100 amatuluka ngati kasupe n'kusupula khungu. Kulanti wotayika pansi mumutsuke, amatsekemera ndipo ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Ine tsiku limene rediyeta yasinthidwa ndimapempha makaniko kuti asataye katoni. Ndimaiyala pansi pa injini, n'kubwerera ku ofesi. Poweruka ndimaisolola n'kuyang'ana ngati pali dontho, mawa lake m'mawa n'kuonanso mlingo wa madzi m'kabotolo ndi m'rediyeta momwe, kwa masiku atatu. Rediyeta yakale imagona m'buti mpaka tsiku lachitatulo, ndipo ndalama yomaliza ya makaniko imatuluka tsiku lomwelo.